Utsi Wolembedwa pa Dzina la Anansi

1. Mizere iwiri

Okutobala wa chaka chimenecho phiri la Mulanje silinkaoneka. Utsi unkaliphimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo dzuwa linkatuluka lofiira ngati diso la munthu wodwala. Pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kufupi ndi msika wa Milonde, ana ankawodzera m'kalasi. Aphunzitsi nawonso ankalankhula mofooka, akudzikupiza ndi makope.

Lachisanu, anzawo ataweruka, Enifa ndi Chester anatsalira m'kalasi ya Fomu 3. Aphunzitsi awo a Jogalafe, a Bizwick Namakhwa, anali atawasankha kuti Lachiwiri akaimire sukulu ku Boma, pa mpikisano wa zakusintha kwa nyengo. Sukulu yopambana inkayenera kulandira sola yoyatsira magetsi m'makalasi awiri. Sukulu yawo inalibe magetsi, ndipo a Fomu 4 ankaiyembekezera mphothoyo ngati mvula.

A Namakhwa anayala pepala patebulo. Panali mizere iwiri, wina wofiira, wina wobiriwira.

"Mutu umene tapatsidwa ndi kuyerekeza maiko awiri," anatero. "Tchire la zitsamba likamapsa limatulutsa mipweya imene imakwera kumwamba n'kumasunga kutentha, ngati bulangete lofunditsa dziko. M'mlengalenga muli makina amene amajambula malo onse opsa. Akatswiri amayeza kukula kwa malowo, n'kuwerengera mpweya umene watuluka, n'kulemba pa dzina la dziko limene motowo wayaka. Wofiirawu ndi mzere wa Mozambiki. Wobiriwirawu ndi wathu."

Mzere wofiira unali pamwamba, ukukwera ndi kutsika ngati mano a sowo. Wobiriwira unkangokwawa m'munsi.

Chester anaomba m'manja. "Basi tawina, Sala! Ine ndifotokoza mizereyi, Enifa atsekera. Angonena kuti utsi watiphimbira phiriwu ndi wa anansi athu, asiye kutentha tchire. Ma jaji aimirira okha."

"Koma Sala," anafunsa Enifa, "Mozambiki si yaikulu kuposa Malawi?"

"Pafupifupi kasanu ndi kawiri."

"Ndiye kuti tchire lawonso ndi lalikulu. Tikuyerekeza bwanji?"

A Namakhwa anavula mandala n'kutikita m'maso. Tsiku limenelo anali ataphunzitsa mapiriyodi asanu ndi atatu.

"Funso lako ndi labwino, koma muli ndi mphindi zisanu zokha. Musawasokoneze anthu. Nenani zimene zikuoneka papepala."

"Mawa 2 koloko tikumane pano tiyeserere," anatero Chester. "Usachedwe, aise. Sukulu yonse ikuyang'ana ife."

2. Tsidya la mtsinje

Kwawo kwa Enifa munda unali wochepa. Kumtunda kunali tiyi wa esiteti, kumunsi nyumba za abale, ndipo pakati panatsala kamalo kosakwanira kudyetsa anthu asanu. N'chifukwa chake amayi ake, a Esther, ankalima tsidya la mtsinje, ku Mozambiki, monga ankachitira mabanja ambiri a m'mudzimo. Makolo awo anachokera komweko, ndipo chilankhulo chinali chimodzi. Mundawo anawabwereka mayi wina wamasiye, a Dona Angella. Chaka chimenecho anawaonjezera chigawo cha tchire kuti aswe mphanje.

Loweruka m'mamawa anaoloka atatu: Enifa, amayi ake ndi amalume ake, a Isake. Madzi ankalekeza m'mawondo. A Isake anagwira ntchito yozimitsa moto m'nkhalango za bulugamu za pa esiteti zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anapuma ntchitoyo chifukwa cha chifuwa, ndipo tsopano akakwera kamtunda ankayamba waima kaye.

A Dona Angella anawapeza akumanga mitolo ya udzu wofolera kuseri kwa nyumba.

"Moseliwa?" anawalonjera gogoyo m'Chilomwe, akumwetulira. "Mwachita bwino kulawira. Ine nandolo wanga uyo, wauma, koma wokolola palibe. Udzuwu ndamweta ndekha miyezi iwiri. Mvula ikandipeza ndisanafolere, ndigona m'madzi."

Kumunda, zitsamba zimene anadula masabata awiri apitawo zinali zitauma gwa. Kupitirira pamenepo kunali nandolo wa a Dona Angella, kenako tchire lokwera kaphiri.

"Titenthe lero, achimwene," anatero a Esther. "Msana wanga watha. Sindingabwerenso kudzakoka zitsambazi ndi manja."

A Isake anakhala pa chitsa, napuma kaye, kenako anayamba kulankhula.

"Chemwali, ndimveni, ndipo iwe Enifa utchere khutu. Moto suyatsidwa dzuwa lili pamutu. Nthawi ino mphepo imagona pang'ono, munthu n'kuganiza kuti yapita, kenako imadzuka kuchokera kumene sumayembekezera. Choyamba tilambule njira kuzungulira munda wonse, yotambalala masitepe anayi, pasatsale ngakhale tsamba limodzi. Ku esiteti tinkaitcha fayabuleki. Tikatha, tidikire dzuwa lipendeke. Tiyatse kumene mphepo ikulowera, kuti moto uziyenda mobwerera, pang'onopang'ono, ife tili pambali ndi nthambi.

"Ine moto ndauona zaka makumi awiri ndi ziwiri. Aliyense amene tinkamugwira ankanena mawu amodzimodzi: 'Ndimangofuna kutentha pang'ono.' Wosaka mbewa, pang'ono. Wofula njuchi, pang'ono. Wosuta fodya, pang'ono. Ife n'kuthamanga masiku atatu m'phiri chifukwa cha pang'ono wa munthu mmodzi. Mnzanga Evance anapsa miyendo yonse iwiri, mpaka lero nsapato savala. Ine chifuwa ichi sindinabadwe nacho.

"Kunena zoona, zitsambazi zikanakhala bwino kuzikwirira m'mizere kuti ziwole, nthaka idye. Koma ndikudziwa kuti manja ndi ochepa ndipo mvula ili pafupi. Ndiye ngati tikutentha, titenthe ngati anthu odziwa chimene agwira."

A Esther anausa moyo n'kunyamula khasu.

3. Machesi

Analambula kuyambira m'mawa. Nthaka inali youma ngati njerwa, khasu linkangodumpha. Pofika 12 koloko anali atamaliza mbali ziwiri zokha. Mbali ya kwa nandolo ndi ya kukaphiri zinali zisanakhudzidwe.

"Amayi, ndikuyenera kukhala kusukulu 2 koloko," anatero Enifa.

"Sukulu ya Loweruka? Chimanga chimene umadya chimamera kusukuluko? Uchoka tikatentha."

Chifuwa chinawagwira a Isake, moti anapita kukakhala pa mthunzi wa mango kwa a Dona Angella. A Esther anatenga chigubu n'kutsikira kumtsinje. Enifa anatsala yekha.

Anayang'ana mitengo. Palibe tsamba limene linkagwedezeka. Anayang'ana dzuwa. Kenako anapita pa dengu la amayi ake, pamene panali makaka, chinangwa chouma cha nkhomaliro, n'kutulutsa bokosi la machesi.

Anayatsa mulu umodzi wokha, wa pakona.

Poyamba moto unayaka mwaulemu. Unadya mulu uja, n'kugwira wachiwiri. Enifa anathyola nthambi yaiwisi n'kuima pambali monga ananenera amalume ake. Kenako anamva mphepo ikumuomba kumsana. Kamvuluvulu anadzuka pakati pa munda, nanyamula masamba oyaka n'kuwamwaza mbali imene sanalambule.

"Amayi! Amalume! Moto!"

Nandolo wouma anayaka ngati wathiridwa palafini. Makoko ankaphulika, thethethe, munda wonse. Anthu anatuluka m'nyumba zapafupi ndi zidebe, makasu ndi nthambi, ena akukuwa m'Chilomwe, ena m'Chipwitikizi. A Isake anafika akuthamanga, munthu amene m'mawa ankalephera kamtunda.

"Siyani nandolo, wapita ameneyo!" anakuwa. "Tetezani nyumba! Amuna, makasu kuno! Amayi, madzi padenga!"

Anthu anawamvera ngakhale ambiri sankawadziwa. Analambula mothamanga kuzungulira nyumba ya a Dona Angella. Nyumbayo inapulumuka, koma mitolo ya udzu ija inapsa yonse. Motowo unakwera kaphiri n'kulowa m'tchire, kumene palibe amene akanautsatira. Utsi wakuda unakwera kumwamba, n'kupendekera cha ku Malawi.

Cha m'ma 4 koloko a Isake anagwada pansi, manja ali pachifuwa. Mpweya unkalira m'khosi mwawo ngati wenzulo.

4. Funso la a Dona Angella

A Dona Angella anaima pamene panali udzu wawo. Sanalire. Anafukula phulusa ndi ndodo yawo kanthawi, kenako anatembenuka.

"Wayatsa ndani?"

Enifa anatsegula pakamwa, koma amayi ake anamugwira mkono mwamphamvu.

"Ndi anyamata osaka mbewa, mayi," anatero a Esther. "Ndinawaona pamene ndimapita kumtsinje. Ife tinali tisanayatse. Achimwene anatiletsa, inunso mukudziwa kuti anali nanu pa mango."

Gogoyo anayang'ana a Esther, n'kuyang'ana Enifa. Nkhope ya mtsikanayo inali bii ndi mwaye.

"Anyamata osaka mbewa," anabwereza. "Chabwino. Tengani m'bale wanuyo, akudwala."

Amuna awiri anawaolotsa a Isake atawanyamula. Panjira a Esther analankhula motsitsa mawu, osamuyang'ana mwana wawo.

"Pakamwa pakopo utseke. Akadziwa kuti ndi ife, munda uja atilanda. Ukatero azing'ono ako atatu uwadyetsa chiyani? Tiyi?"

Lamulungu m'mawa a Isake anawatengera ku chipatala cha Mishoni pa njinga yamoto. Anawagoneka.

Lolemba Chester anamudikirira Enifa pa geti ya sukulu.

"Ndinakhala pano mpaka 5 koloko ngati chitsiru. Unali kuti?"

"Kumunda."

"Kumunda! Ndakulembera mawu ako, nawa. Uwaloweze pamtima. Mizere isanu basi, ngakhale mwana wa Sitandade 4 angathe."

Enifa analandira pepalalo. Mzere womaliza unkati: *Choncho tikupempha anansi athu a ku Mozambiki kuti asiye kutiwonongera mpweya.*

5. Ku Mishoni

Masana a tsiku lomwelo Enifa anapempha chilolezo n'kupita kukazonda amalume ake. Anawapeza atatsamira mapilo awiri, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno. M'wodimo munkanunkhira mankhwala ndi malalanje.

"Wabwera, mphwanga. Mpikisano uja ndi liti?"

"Mawa, amalume."

"Tandionetsa zimene mukanene."

Enifa anawapatsa pepala la mizere iwiri n'kuwafotokozera monga anafotokozera a Namakhwa. A Isake anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye makina akumwambawo Loweruka anauona moto wathu uja?"

"Mwina anauona. Unali waukulu."

"Analemba pa dzina la ndani?"

Enifa anayang'ana pansi. "La Mozambiki."

A Isake anayamba kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa. Namwino anasuzumira, iwo n'kumukweza dzanja kuti ali bwino. Atapezako mpweya analankhula, akupumira pakati pa mawu.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pepala lakoli ndalimva. Silikunama. Tsidya lija tchire ndi lalikulu ndipo limapsa chaka ndi chaka, ndaona ndi maso anga. Koma makina amaona malo, saona dzanja. Ine ndazimitsapo moto wochokera tsidya kubwera kuno. Ndaonanso wochokera kuno ukupita tsidya. Anthu a m'mudzi mwathu angati amalima uko? Makala ena amene amadutsa pa Milonde pa njinga, mitengo yake inagwa kuti, ndipo amaphikira ndani? Mzere wathu uli pansi, inde. Koma usaganize kuti uli pansi chifukwa ndife anthu abwino kuposa iwo.

"Za Loweruka ndikudziwa. Mayi ako anali kumtsinje, ine ndinali pa mango. Anyamata a mbewa sindinawaone, ndipo mayi akonso sanawaone. Sindikukalipira, mphamvu zake ndilibe. Mayi akonso usawaone ngati munthu woipa. Akuopa njala, ndipo njala ndi chinthu choopsa ndithu. Ine ndinaionapo.

"Koma ndikuuze chimene chinanditopetsa pa ntchito ija. Si utsi ayi. Si kukwera phiri ayi. Ndi mawu akuti 'si ine.' Moto uliwonse umene ndinazimitsa unalibe mwini wake. A m'mudzi ankati ndi a esiteti. A esiteti ankati ndi a m'mudzi. Onse akasowa wonamizira ankaloza tsidya la mtsinje, ndipo ndikhulupirira kuti a tsidya nawonso ankaloza kuno. Chaka chotsatira moto n'kubweranso pamalo omwewo, chifukwa palibe amene anaphunzirapo kanthu. Munthu angasiye bwanji chinthu chimene akuti sanachite?

"Zochita mawa sindikuuza. Ndiwe wamkulu, machesi unayatsa wekha. Ndikungokuchenjeza kuti ukazolowera kuimirira pamaso pa anthu n'kuloza ena pa chinthu chimene ukudziwa kuti dzanja lako lilimo, ulendo woyamba umavuta, wachiwiri suvutanso. Ndawaona anthu otero. Amakalamba bwinobwino, koma palibe amene amawakhulupirira ngakhale akanena kuti kunja kwacha."

Anatseka maso. Enifa anaganiza kuti agona, koma anaonjezera: "Ukamapita unditsegulire zenera. Ndatopa, mphwanga."

Kunja kwa zeneralo phiri silinkaonekabe.

6. Mphindi zisanu

Lachiwiri anakwera minibasi ya ku Boma atatu: a Namakhwa, Chester ndi Enifa. Holo inali yodzaza ndi ana a sukulu zisanu ndi zitatu, aphunzitsi ndi makolo. Kutsogolo kunakhala oweruza atatu. Pambali pawo mnyamata wina ankalumikiza mawaya.

"Ndi a wailesi ya m'dera lino," ananong'ona a Namakhwa. "Akuulutsa pompopompo. Mulankhule momveka, kwanu akumva."

Enifa anayang'ana mawayawo. Wailesi imeneyo amayi ake ankaitsegula tsiku lililonse. Inkamvekanso tsidya la mtsinje.

Sukulu yawo inali yachisanu kuitanidwa. Chester analankhula bwino kwambiri. Anakweza pepala lalikulu limene anajambulapo mizere ija, nafotokoza za bulangete lofunditsa dziko ndi za makina a m'mlengalenga. Ataloza mzere wofiira, anthu anang'ung'udza. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ndi omwewo!" ndipo holo inaseka.

Chester anapereka maikolofoni kwa Enifa. Panatsala mphindi ziwiri.

Enifa anayang'ana kapepala ka mizere isanu kaja. Anakapinda n'kukaika m'thumba la siketi.

"Zimene wanena mnzangayu ndi zoona," anayamba. "Mzere wa Mozambiki uli pamwamba, wathu uli pansi. Koma dziko lawo ndi lalikulu pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa lathu, ndiye tchire lawonso ndi lalikulu. Tikafuna kuyerekeza mwachilungamo, tifunse kuti pa malo ofanana kukula, kuno kumapsa kochuluka bwanji, uko kumapsa kochuluka bwanji. Yankho lake ine ndilibe, ndipo pepalali silikunena.

"Chachiwiri, makina amalemba kumene moto wayaka, salemba amene wayatsa. Loweruka lapitali kaphiri kena kanapsa tsidya la mtsinje. Utsi wake walembedwa pa mzere wofiirawu. Koma anayatsa motowo ndi Mmalawi. Ndine."

Enifa anapitiriza.

"Amalume anandiuza kuti tilambule kaye njira ndi kudikira dzuwa lipendeke. Sindinamvere chifukwa ndinkathamangira kukakonzekera mpikisano uno. Mayi wina wamasiye nandolo wake wapsa, udzu wake wofolera wapsa. Amalume ali m'chipatala. Ndiye ine sindingaime pano n'kuuza anansi athu kuti asiye kutiwonongera mpweya. Ndingopempha kuti aliyense wa ife, kuno ndi uko, asanayatse alambule, ndipo ngati angathe kukwirira zinyalala, akwirire. Ndathokoza."

Belu linalira. Anthu ochepa anaomba m'manja, ena anangoyang'anana.

Pomaliza, mayi amene ankatsogolera oweruza anaimirira. Anati sukulu ya ku Milonde yafunsa funso lofunika kuposa onse, koma olankhula ake awiri sanagwirizane, wina amapita kumadzulo, wina kum'mawa. Anawapatsa nambala yachitatu. Sola inapita ku sukulu ina.

Panja, Chester anang'amba pepala lake lalikulu pakati.

"Ukanaulula kutchalitchi, osati pano! Mawa a Fomu 4 ukawauze wekha chifukwa chake aziwerengabe mumdima." Anakakhala pa mpando wakumbuyo m'minibasi, nayang'ana kuwindo ulendo wonse.

Minibasi inadutsa minda ya tiyi. Kenako a Namakhwa analankhula osatembenuka.

"Ukanandiuza dzulo, tikanakonza zonse mwadongosolo, iwe ndi Chester n'kunena chinthu chimodzi. Pamenepo walakwa, ndipo mnzako umupepese. Koma funso lako la Lachisanu lija ndinayenera kuliyankha. Pamenepo ndinalakwa ndine." Anapukuta thukuta pakhosi. "Kwanu kukakhala bwanji, poti amva?"

"Sindikudziwa, Sala."

7. Uthenga

Enifa anafika kwawo dzuwa litapendeka. Azing'ono ake, amene masiku onse ankamuthamangira, anangoima pakhonde. Amayi ake anali pansi pa mtengo wa mapeyala akusenda chinangwa. Wailesi inali pambali pawo, yozimitsa.

"Ndabwera, amayi."

A Esther sanadzutse mutu. Mpeni unapitiriza ntchito yake.

"Mudzi wonse wamva," anatero. "Anansi athu a kwa Sharon anachita kubwera kudzandiitana kuti mwana wanu ali pa wailesi. Ndinasangalala. Ndinaitana ndi anzanga kuti adzamve." Anaponya chinangwa m'beseni. "Sunanditchule dzina, zikomo. Koma amene ndinawauza za anyamata a mbewa akudziwa kuti wabodza ndani."

"Pepani, amayi."

"Ukupepesa chiti? Moto kapena pakamwa?"

"Moto. Ndiponso kuti sindinakuuzeni kaye."

"Koma zimene wanenazo sukupepesa."

Enifa anapukusa mutu. A Esther anamuyang'ana koyamba. M'maso mwawo munalibe ukali umene mtsikanayo ankauyembekezera. Munali kutopa kokhakokha.

"Khala pansi, tenga mpeni winawo. Chimene chatsala ndi chinangwa chomwechi."

Anasenda limodzi. Beseni litatsala pang'ono kudzaza, anamva belu la njinga. Pabwalo panaima bambo wina wamtali, buluku lake litanyowa mpaka m'mawondo. Enifa anamuzindikira. Anali mmodzi mwa amuna amene anaolotsa amalume ake Loweruka.

"Odi kuno! Ine ndine Abdul, wa tsidya. Andituma a Dona Angella."

A Esther anaimirira, akupukuta manja pa chitenje. "Lowani, bambo, tikupatseni mpando."

"Iyayi, sindikhalitsa. Akuti mawa m'mawa muoloke. Abale awo asonkhana, ndipo mwana wawo wamwamuna wa ku tauni ya Milanje, kwathu ku Mozambiki, wafika masana ano."

"Akuti tikatenge makasu athu, tichoke m'munda muja?" anafunsa a Esther, mawu ali pansi.

"Za makasu sananene. Anangoti mubwere ndi mtsikana amene walankhula pa wailesi." Bamboyo anatembenuza njinga yake, kenako anaima n'kumuyang'ana Enifa. "Ndipo akuti inu mayi mukafika mukakhale chete. Akufuna amve kwa iyeyu."